Malcolm Turnbull, nyuzipepala ndi magetsi: mkangano wa ku Australia tikauonera ku Blantyre

Loweruka lina ndili pabenchi kometera ku Ndirande, magetsi adathima mnyamata amene anali pampando atametedwa mbali imodzi yokha. Wometa adakoleka makina pamsomali n'kutulutsa foni kuti nthawi izipita. Adationetsa kakanema kamene wina adamuponyera pa WhatsApp: mzungu wa imvi, wasuti yake bwinobwino, akukangana mwaukali ndi mtolankhani wina, akumuuza kuti kampani imene amailembera yasokoneza anthu pa nkhani ya kusintha kwa nyengo.

"Akulu, inu mumawerengawerenga," adatero wometayo. "Mdala ameneyu ndani? Nyengo n'za Mulungu, magetsi n'za mainjiniya. Nanga atolankhani alowapo bwanji?"

Magetsi adayaka ndisanafike patali pomuyankha, makina n'kuyambanso kulira. Mdalayo ndi Malcolm Turnbull, yemwe adali nduna yaikulu ya dziko la Australia kuyambira mu 2015 mpaka 2018. Kakanemako n'ka mu November 2020, pa pulogalamu ya Q&A ya kanema wa boma wa ABC, ndipo amene ankakangana naye ndi Paul Kelly, mmodzi mwa alembi akuluakulu a nyuzipepala ya The Australian. Funso la wometa uja ndiye pagona nkhani, chifukwa Turnbull amalimbikira kuti zinthu zitatuzi, nyengo, magetsi ndi nyuzipepala, zidalukana n'kukhala chingwe chimodzi. Kuti munthu aone ngati akunena zoona, ndi bwino kuchimasula chingwecho.

Nduna yaikulu imachoka bwanji anthu osavota?

Kuno pulezidenti timamusankha tokha, ndipo akalowa ku Sanjika chipani chake sichingadzuke m'mawa n'kumutulutsa. Ku Australia anthu amasankha aphungu. Chipani chimene chapeza aphungu ambiri chimapanga boma, mtsogoleri wake n'kukhala nduna yaikulu. Aphungu a chipanicho akadzitsekera m'chipinda n'kuvota kuti sakumufunanso, mpando wapita tsiku lomwelo. Zili ngati wapampando wa banki m'khonde: mamembala akatopa naye amamuchotsa pamsonkhano, osadikira kuti mudzi wonse ulankhule.

Turnbull, yemwe adabadwa mu 1954 ku Sydney, zimenezi zidamugwera kawiri, ndipo maulendo onse awiri nkhani ya nyengo inali pakati. Asanalowe ndale adakhalapo mtolankhani, loya ndi mkulu wa kubanki, munthu wachuma chake ndithu. Adalowa m'nyumba ya malamulo mu 2004 kudzera m'chipani cha Liberal, chimene ngakhale dzina lake likumveka choncho n'chipani chosafuna zosinthasintha komanso chokondedwa ndi amalonda. Pa 1 December 2009, ali mtsogoleri wa otsutsa boma, anzake adamugwetsa ndi voti imodzi yokha, 42 kwa 41, n'kuika Tony Abbott. Mu September 2015 iye adabweza, kugwetsa Abbott n'kukhala nduna yaikulu. Pa 24 August 2018 adagwetsedwanso, mpando n'kupita kwa Scott Morrison.

Kulipiritsa utsi

Chimene chidamugwetsa ulendo woyamba ndi mfundo yoika mtengo pa mpweya wa kaboni. Malasha, mafuta ndi gasi zikamayaka zimatulutsa mpweya umene umaunjikana mlengalenga n'kumasunga kutentha, ngati bulangete limene likunka likhuthala. Vuto n'lakuti wotulutsa mpweyawo salipira kanthu. Taganizani za mtsinje wa Mudi. Wotayira zonyansa kumtunda saona vuto, amene amamva fungo ndi kudwala ndi wa kumunsi. Akatswiri a zachuma amati mumulipiritse wotayayo pa ndowa iliyonse, muona kuti apeza yekha njira yochepetsera. Mtengo wa kaboni ndi womwewo: kampani imalipira pa tani iliyonse ya mpweya, kapena imagula chilolezo kwa inzake imene yachepetsa.

Mu 2009 boma la Kevin Rudd la chipani cha Labor lidabweretsa dongosolo lotere, ndipo Turnbull, ngakhale anali wotsutsa, adagwirizana nalo. Anzake ambiri adaona ngati wagulitsa chipani. Mtengo wa kaboni udadzayamba mu July 2012 pansi pa nduna yaikulu Julia Gillard wa chipani cha Labor, pa madola a ku Australia 23 pa tani, koma Abbott adaukhomerera kuti ndi msonkho wokweza mabilu a magetsi, adapambana chisankho cha 2013, n'kuuchotsa mu 2014.

Atakhala nduna yaikulu, Turnbull sadaubwezeretse. Adayesa njira ina yotchedwa National Energy Guarantee, yokakamiza makampani ogulitsa magetsi kuchita ziwiri: kuonetsetsa kuti magetsi alipo nthawi zonse, komanso kuchepetsa mpweya woipa. Ankafuna kusangalatsa okonda malasha ndi okonda chilengedwe nthawi imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Aphungu ena a chipani chake adaopseza kuti avota motsutsa, iye adachotsamo gawo lochepetsa mpweya lija, komabe sabata yomweyo adamuchotsa.

Maganizo ake pa nyengo sadasinthe kwenikweni chiyambire. Amati kutentha kwa dziko si nkhani ya chikhulupiriro, ndipo kunena kuti "ndimakhulupirira" kapena "sindikhulupirira" kuli ngati kutsutsana za mphamvu imene imagwetsa bango pansi likathothoka mumtengo. Amati mfundo za magetsi zizitsogozedwa ndi ukatswiri wa mainjiniya ndi masamu a zachuma, osati mtundu wa chipani. Omutsutsa ali mbali ziwiri. Ena amati adafuna kukwezera anthu osauka mabilu chifukwa cha dziko limene limangotulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa 100 la mpweya wonse wa padziko. Ena amati amalankhula bwino lero, koma ali pampando boma lake lidakankhira kutsogolo mgodi waukulu wa malasha wa kampani ya Adani ku Queensland, ndipo ndi nduna yake ya zachuma, Morrison yemweyo, amene mu February 2017 adalowa ndi chibulumwa cha malasha m'nyumba ya malamulo kuuza otsutsa kuti asachiope.

Mwini nyuzipepala

Apa ndi pamene atolankhani akulowera. Mawu amene amamveka kwambiri pa mkanganowu ndi akuti umwini wa nyumba zofalitsa nkhani waunjikana m'manja mwa anthu ochepa. Tanthauzo lake n'losavuta. Ngati mabenchi asanu ndi awiri mwa khumi a tomato mumsika wa Limbe ali a munthu mmodzi, mutha kuyenda benchi ndi benchi kuganiza kuti mukufananitsa mitengo, chonsecho mukumva mawu a munthu mmodzi yemweyo.

Munthu ameneyo ku Australia ndi Rupert Murdoch. Adabadwa mu 1931, adalandira nyuzipepala ya ku Adelaide bambo ake atamwalira mu 1952, adayambitsa The Australian mu 1964, kenako adafalikira ku Britain ndi ku America, kumene makampani ake ali ndi The Sun, The Times, The Wall Street Journal ndi kanema wa Fox News. Kwawo ku Australia kampani yake ya News Corp imagulitsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyuzipepala za tsiku ndi tsiku za m'mizinda ikuluikulu, monga Daily Telegraph ku Sydney, Herald Sun ku Melbourne ndi Courier-Mail ku Brisbane, kuphatikizapo kanema wa Sky News Australia. Mu 2023 Murdoch adasiyira mwana wake Lachlan utsogoleri.

Turnbull amati kampaniyi idasiya kukhala yofalitsa nkhani chabe, imachita ngati chipani chimene sichiima pa chisankho. Amati kwa zaka zambiri idapatsa malo aakulu anthu okayikira za sayansi ya nyengo, n'kusandutsa nkhani ya mainjiniya kukhala ngati nsalu ya chipani: wokonda malasha ndi wathu, wokonda sola ndi wawo. Amatinso idatengapo mbali pomugwetsa mu 2018, ndipo adalemba zimenezi m'buku la mbiri yake, A Bigger Picture, la mu 2020.

Chitsanzo chimene amatchula kawirikawiri ndi moto wolusa wa m'tchire wa 2019 mpaka 2020, umene udapha anthu 33 ndi kutentha nyumba zikwi zingapo. Asayansi ankaloza chilala ndi kutentha koopsa. Nkhani zambiri za m'nyuzipepala za News Corp zinkaloza anthu oyatsa moto mwadala komanso kusawotcheratu tchire nthawi yozizira. Mu January 2020 mwana wina wa Murdoch, James, adadzudzula poyera mmene makampani a bambo ake ankalembera za nyengo. Chaka chomwecho Rudd adayambitsa chikalata chopempha kafukufuku wamphamvu wa boma pa nyumba za Murdoch, anthu oposa 500,000 adasainira, ndipo Turnbull, mdani wake wakale pandale, adasainira nawo. Mu April 2021 boma la chigawo cha New South Wales lidamuchotsa Turnbull pa upampando wa komiti yolangiza za kuchepetsa mpweya patangotha pafupifupi sabata limuikirepo, atanena kuti migodi yatsopano ya malasha ku Hunter Valley iyambe yaima. Iye adaloza nyuzipepala kuti ndizo zidaopseza boma.

A News Corp amakana zonsezi. Amati satsutsa zoti nyengo ikusintha, amangopereka mpata kwa maganizo osiyanasiyana, ndipo kufunsa kuti mfundo inayake idya ndalama zingati ndi ntchito ya mtolankhani. Amati masiku ano anthu amamva nkhani pa intaneti, pa ABC ndi kwina kochuluka. Mu October 2021 nyuzipepala zawo zidachita kampeni yolimbikitsa kuti dziko lifike posawonjezeranso mpweya woipa pofika 2050. Palinso mfundo imene imavuta kuiyankha: ngati Murdoch ndiye amasankha boma, bwanji chipani cha Labor chidapambana mu 2022 ndi mu 2025? Ena amakumbutsa kuti Turnbull pogwetsa Abbott adati chipani chagonja maulendo 30 otsatizana pa kafukufuku wa maganizo a anthu, kenako iye adapitirira nambala yomweyo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndipo ndi boma lake limene mu 2017 lidafewetsa malamulo oletsa kampani imodzi kukhala ndi kanema, wailesi ndi nyuzipepala mumzinda umodzi.

Kwa ife a ku Blantyre, nkhani ya mwini nyuzipepala si yachilendo. Pa Ginnery Corner pomwepa pali nyumba ziwiri zikuluzikulu. Daily Times kwa zaka zambiri inali m'manja mwa Kamuzu Banda ndipo inali nyuzipepala yokhayo yotuluka tsiku ndi tsiku, pomwe The Nation adaiyambitsa Aleke Banda mu 1993 matipate akubwera. Mwini wailesi ya Zodiak, Gospel Kazako, adakhala nduna yofalitsa nkhani mu 2020. Koma bala lathu lili mbali ina. Chimene timakumbukira kwambiri ndi dzanja la boma: wailesi imodzi ya MBC m'nthawi ya chipani chimodzi, kuletsa nthambi za boma kutsatsa malonda mu The Nation m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndi lamulo la mu 2011 lopatsa nduna mphamvu yotseka nyuzipepala, limene lidafafanizidwa mu 2012. Choncho mtolankhani wa kuno akamva wandale wakale akupempha boma lifufuze nyuzipepala, khutu limaima. Turnbull akuopa mwini chuma, ife tidazolowera kuopa mwini apolisi. Mantha onse awiri ali ndi maziko.

Dzuwa likalowa

Pa magetsi penipeni, mkangano wagona pa funso limodzi. Masiku ano sola ndi mphepo ndi njira zotchipa kwambiri zopangira magetsi atsopano, ndipo ku Australia pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu ili ndi sola padenga. Koma anthu amafuna magetsi kwambiri madzulo, nthawi yophika ndi yoonera kanema, dzuwa litalowa kale. Pamafunika chinthu chogwiriziza. Okonda malasha amati chinthucho ndi malasha. Ena amati gasi. Peter Dutton, yemwe adayambitsa zogwetsa Turnbull mu 2018, adatsogolera chipani cha Liberal ku chisankho cha 2025 ndi ganizo lomanga malo a magetsi a nyukiliya, ndipo Turnbull adalitsutsa kuti n'lodula komanso lochedwa. Yankho la Turnbull ndi kusunga magetsi m'madzi.

Aliyense wa mumzinda uno akhoza kumvetsa njirayi kuposa wa ku Lilongwe. Madzi ambiri amene timamwa amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo amapopedwa kukwera mapiri mpaka kufika kuno, zimene zimadya magetsi ochuluka zedi. Tsono tembenuzani. Madzi amene ali pamwambawo mutawatsegulira kuti atsike pa mpope womwewo, angazungulitse makina n'kubweza gawo lalikulu la magetsi aja. Ndiye mumamanga madamu awiri, lina pamwamba lina pansi. Masana sola ikachuluka mumapopera madzi kumtunda, madzulo mumawatsitsa. Damu la pamwamba lasanduka batire.

Mu March 2017 Turnbull adalengeza ntchito yotere yotchedwa Snowy 2.0, yolumikiza madamu a Tantangara ndi Talbingo ndi ngalande za pansi pa mapiri zotalika pafupifupi makilomita 27. Ikadzatha idzatha kupereka mamegawati 2,200, kuposa kanayi mphamvu zonse za EGENCO, kwa pafupifupi sabata yathunthu. Poilengeza adati idya madola a ku Australia 2 biliyoni. Pofika 2023 mtengo udafika 12 biliyoni, makina ena okumba atatitimira m'nthaka yofewa kwa miyezi yambiri. Omutsutsa amati uwu ndi umboni wakuti naye ankalengeza zinthu masamu asanathe. Iye amati popanda malo osungira magetsi otere, kusiya malasha ndi maloto. Owerenga adziwenso kuti kuyambira mu 2023 Turnbull adakhala pulezidenti wa bungwe la International Hydropower Association ndipo ali ndi bizinesi yake m'gawo lomweli. Izi sizikutanthauza kuti akunama, koma polankhula za madamu salankhula ngati wongodutsa.

Kwathu kuno nkhani idatembenuka. Australia ikuchoka ku malasha kupita ku dzuwa ndi madzi, ife tidayambira ku madzi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa mtsinje umodzi wa Shire, ndipo batire yathu yaikulu ndi nyanja ya Malawi, imene chitseko chake ndi baraji ya ku Liwonde. Nyanja itatsika mu 2017, magetsi ankathima tsiku lathunthu, mpaka majenereta a dizilo obwereka adaikidwa ku Chichiri. Namondwe wa Ana mu January 2022 adagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madzi akachepa tili mumdima, akachuluka tilinso mumdima. Sola ya mamegawati 60 ku Salima idayamba mu 2021, ya mamegawati 20 ya ku Golomoti, yokhala ndi mabatire, mu 2022. Ntchito ya Mpatamanga, pakati pa Blantyre ndi Neno, ya mamegawati oposa 350, siyopopera madzi kumtunda, koma cholinga chake n'chofanana: kusunga madzi masana n'kuwatulutsa nthawi imene anthu akufuna magetsi kwambiri.

Malasha a wolemera ndi malasha a wosauka

Munthu mmodzi wa ku Australia amatulutsa pafupifupi matani 15 a mpweya wa kaboni pachaka. Mmalawi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la tani imodzi. Australia ilinso m'gulu la maiko ogulitsa malasha ambiri kunja. Amene adaona matope ndi miyala zikutsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy adapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, safuna kuuzidwa kuti wa kumunsi kwa Mudi ndani. Asayansi a gulu la World Weather Attribution atafufuza za Ana ndi anamondwe ena a 2022 adapeza kuti kutentha kwa dziko kudakulitsa mvula, ngakhale kuchepa kwa malo oyezera mvula m'chigawo chino kudawalepheretsa kunena kuti ndi mlingo wotani.

Komabe mfundo za Turnbull sizingangonyamulidwa n'kudzatulidwa pa Wenela. Sitima zodzaza malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko lathu kupita ku Nacala, ife tikuziona. Ganizo lomanga malo a magetsi a malasha a mamegawati 300 ku Kam'mwamba ku Neno lakhala likukambidwa kwa zaka zoposa khumi, ndipo ndalama zidavuta kwambiri China italengeza mu September 2021 kuti sidzamanganso malo otere kunja. Olifuna amati kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 ndizo zinkaunikira ndi magetsi, kuti matumba a makala amene amalowa mumzinda panjinga m'bandakucha akumaliza nkhalango, ndipo dziko lotere lisauzidwe zochita ndi amene adalemera ndi utsi. Osalifuna amati ngongole ya malo otere imatenga zaka makumi, pamene sola ikunka itchipa, ndipo obwereketsa ambiri adatseka kale zitseko.

Zimene sizinayankhidwe

Komiti ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku Australia, idavomereza mu December 2021 kuti pakhale kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza milandu pa nkhani ya umwini wa nyumba zofalitsa nkhani, koma zipani ziwiri zikuluzikulu sizidalitenge ganizolo. Ngati kafukufukuyo atachitika, angakonze chiyani popanda kupatsa boma ndodo yomenyera atolankhani? Ndipo kodi nyuzipepala zimapanga maganizo a anthu, kapena zimangogulitsa maganizo amene owerenga ali nawo kale? Pamene anthu ambiri, kuphatikizapo wometa uja, akumva nkhani pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, mwini wofunika kumuyang'anitsitsa akadali mwini makina osindikizira?

Pa Turnbull mwini, anthu sanagwirizane ngati adali mtsogoleri amene adamangidwa manja ndi chipani chake, kapena amene adalolera kumangidwa kuti asunge mpando. Snowy 2.0 sinayambe kupereka magetsi panthawi imene idalonjezedwa, ndipo ngati idzabweze ndalama zimene yadya zidzadziwika ikadzagwira ntchito zaka zingapo.

Kwathu mafunso ndi a m'thumba. Mpatamanga ilinso pa Shire yemweyo: chilala china chikadzabwera, kapena namondwe wina wonga Ana, tidzagwiriziza ndi chiyani, chingwe cha magetsi chochokera ku Mozambique, mabatire, kapena malasha? Thumba lolipira maiko osauka pa zowonongeka ndi nyengo, limene lidavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, lidzafika liti kwa amene adataya nyumba ku Chilobwe? Ndipo magetsi atsopanowo akadzabwera, yuniti imodzi idzagulidwa ndalama zingati poyerekeza ndi kathumba ka makala ka pamsika wa Ndirande?